Puleni ya Munthu Wodikira Malipiro

Thabwa likamachoka m'manja mwa ocheka limakhala lisanayenere kulowa m'nyumba ya munthu. Limabwera ndi mizere ya macheka, mbali ina yonenepa, ina yopyapyala, mwinanso litapindika chifukwa cha dzuwa. Chimene chimalisandutsa kukhala tebulo, chitseko kapena kabati ndi puleni. Sowo imadula, hamala imakhoma, koma kusalala kwa pamwamba pa tebulo ndi kugwirana kwa matabwa awiri popanda kampata kobisalamo mphemvu, imeneyo ndi ntchito ya puleni. N'chifukwa chake amisiri amabwerekana sowo ndi hamala mosavuta, koma ukapempha puleni amayamba akuyang'ana kumaso, kenako n'kukufunsa kuti ukufuna kupala mtengo wanji.

Ine sindine mmisiri. Ndimagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zoposa 20 manja anga adziwa cholembera, mafayilo ndi kompyuta basi. Ndili ndi zaka 46, kutanthauza kuti zanditsalira 14 kuti ndifike pa 60 pamene boma limauza munthu kuti akapume. Ndaona akuluakulu amene tinkawaopa mu ofesi akutsanzikidwa ndi nyimbo ndi mphatso, koma pakangotha chaka n'kuwapeza pakhonde akuwerenga magalimoto odutsa. Ndalama zopumira ntchito zimasungunuka ngati mchere m'madzi, koma chimene chimawadya msanga ndi kusowa chochita. Ndinaganiza zoyambiratu kuphunzitsa manja anga ntchito ina msana usanayambe kudandaula. Ndinasankha matabwa, chifukwa ngakhale ntchitoyi itapanda kundipatsa ndalama, panyumba sipasowa mpando woguluka mwendo kapena chitseko chokana kutsekeka nthawi ya dzinja.

Anzanga a ku ofesi atamva zoti ndikufuna puleni yamanja anaseka. Ankati dziko lapita patsogolo, bwanji osagula yamagetsi, kapena kungopititsa matabwa ku makina a ku Mchesi. Maganizo awo sanali oipa, koma sanali a munthu wa thumba ngati langa. Nthawi yanga yogwira matabwa ndi Loweruka lokha, ndipo Loweruka limenelo magetsi akazima ndiye kuti sabata yapita. Ku makina amalipiritsa thabwa lililonse, n'kuwonjezerapo ndalama ya wonyamula popita ndi pobwera. Komanso makina amangosalaza, sakukonzera chitseko chimene chakhomedwa kale pakhoma. Puleni yamanja ilibe nthambo, simadya mayunitsi, ndipo phokoso lake silidzutsa mwana wa aneba m'nyumba zathu zogundana makomazi.

Vuto linali ndalama. Zida zachitsulo ngati zimenezi zimachokera kunja, tsono kwacha ikagwa mitengo yake imadumpha tsiku lomwelo. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Malipiro sanathamange liwiro limenelo. Nditayambitsa nkhaniyi kunyumba, mayi a ana anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Abambo, gulani, sindikukanizani. Koma mugule kamodzi. Ndalama yogulira chinthu chimodzi kawiri m'nyumba muno mulibe." Mawu amenewa ndiwo anakhala muyezo wanga. Sindinkafuna puleni yotsika mtengo kuposa zonse, ndinkafuna imene ndingaikwanitse koma yosandibwezanso kusitolo.

Ndinayamba ndi kuzungulira m'masitolo a zitsulo, ndipo chinthu choyamba kundidabwitsa chinali chakuti mapuleni onse ndi ofanana ngati ana a mimba imodzi. Chogwirira kumbuyo, kampira kutsogolo, mpeni wopendekeka pakati, kagudumu kokwezera ndi kutsitsira mpeniwo. Nditawerenga ndinapeza chifukwa chake. Kapangidwe kameneka n'ka munthu wina wa ku America dzina lake Leonard Bailey, amene mu 1869 anagulitsa umwini wa nzeru zakezo ku kampani ya Stanley Rule and Level ya mumzinda wa New Britain m'chigawo cha Connecticut. Kampaniyi inafalitsa mapuleni a manambala kuyambira 1 mpaka 8 malinga ndi kukula kwake. Mu 1931 kampani ya C & J Hampton ya ku Sheffield ku England inayamba kupanga ake otengera kapangidwe komweko, opakidwa utoto wabuluu, pa dzina la Record. Mapuleni ambiri achitsulo amene ali m'masitolo athu, kaya achokera ku India kaya ku China, ndi zidzukulu za puleni ya Bailey. Choncho munthu posankha sakusankha nzeru ya kapangidwe, chifukwa nzeruyo ndi imodzi. Akusankha kusamala kwa amene anaumba chitsulocho.

Alipo makampani amene amasamala kwambiri, monga Lie-Nielsen ya ku America ndi Veritas ya ku Canada. Ndinaona zithunzi za zida zawo pa intaneti, ndinawerengera mtengo pamodzi ndi zotumizira ndi msonkho, ndipo nditaona kuti zikupitirira malipiro anga a mwezi wathunthu ndinatseka foni mwaulemu. Kumbali inayi kunali mapuleni onyezimira a mtengo wotsika mokayikitsa, ena olembedwa mayina otchuka pa makatoni amene zilembo zake zinali zolakwika. Apa ndinakumbukira za chikomekome cha mkuyu. Ndinaona kuti maso anga okha sangandithandize, ndipo ndinapita ku Mchesi kukafuna munthu wodziwa.

Ndinapeza mkulu wina wa imvi zake amene wapala matabwa kuyambira ali mnyamata. Masiku oyamba ndinkangokhala pa benchi n'kumaonerera, nthawi zina kumugwirira thabwa. Funso loyamba limene anandifunsa linali la nambala. "Bwana, mukufuna folo kapena faifi?" Nditavomera kuti aziyamba ndi kundiphunzitsa kusiyana kwake, anandiyalira mapuleni ake atatu. Nambala 4 ndi yaifupi, pafupifupi mainchesi 9, ndipo ntchito yake ndi kumalizitsa, kusalaza thabwa limene lawongoka kale. Nambala 7 ndi yaitali mainchesi 22, yowongolera m'mbali mwa matabwa ataliatali ofuna kulumikizidwa. Pakati pali nambala 5, ya mainchesi 14, imene amisiri amaitcha jeki. Chinsinsi chagona pa kutalika. Puleni yaifupi imatsatira zitunda ndi zigwa za thabwa monga njinga pamsewu wafumbi, pamene yaitali imadutsa pamwamba n'kumadya zitunda zokha mpaka zitalingana ndi zigwa.

"Wogula matabwa opala kale ku makina, folo imukwanira," anatero mkuluyo. "Koma inu muzigula a kwa ocheka, okhotakhota, chifukwa ndiwo otchipa. Ngati ndalama yanu ndi ya puleni imodzi, tengani jeki. Imachotsa, imawongola, ndipo mukainola bwino n'kubweza mpeni pang'ono, imasalazanso." Anandiuzanso kuti nambala 4 ndi nambala 5 zimagwiritsa ntchito mpeni wofanana, wa mainchesi 2 m'lifupi, ndipo umenewu ndiwo suvuta kupeza ukafuna wina. Nkhani ya nambala inathera pomwepo.

Phunziro lalikulu linali la kusiyanitsa matenda ochizika ndi osachizika. Limeneli ndilo ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa munthu wosauka amapulumukira pamenepa. Wolemera amagula puleni yopanda matenda. Ife timagula yodwala, koma tiyenera kudziwa kuti ikudwala chiyani.

Choyamba kuyang'ana ndi pansi pake, pamene pamakhudza thabwa. Mkuluyo amatenga lula yachitsulo, kuigoneka pansi pa puleni kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kuikweza moyang'ana kuwala. Lula iyenera kukhudza malo atatu: kumphuno, kutsogolo kwenikweni kwa pakamwa pamene mpeni umatulukira, ndi kuchidendene. Kampata kakang'ono pakati pa malo amenewa si nkhani. Koma ngati pansipo pali potupa moti lula ikugwedera ngati katungwe, kapena thupi lonse linapotoka, puleni imeneyo imaluma thabwa pena n'kulidumpha pena, ndipo kuiwongola kungakudyere mwezi. M'sitolo ina ndinayeza mapuleni anayi a mtundu umodzi, mtengo umodzi, ndipo awiri okha ndiwo anali owongoka. Wogulitsa anandiyang'ana ngati ndapenga, koma lula inali yanga ndipo ndalama inali ikadali m'thumba langa.

Chachiwiri ndi mng'alu. Thupi la puleni ndi chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, ndipo chitsulo chotere sichipindika, chimasweka. Ikagwa pa simenti imang'aluka m'mbali, pafupi ndi pakamwa pomwe pali popyapyala. Anthu amawotcherera n'kupaka utoto, koma moto umapotola thupi, ndipo puleni yowotcherera kawirikawiri sibwereranso mwakale. Mkuluyo amachotsa zonse za m'kati, kugwira thupi lokha ndi zala ziwiri n'kuligogoda, monga mmene amayi amagogodera mbiya pamsika. Lamoyo limalira, long'aluka limangoti phu.

Chachitatu ndi chitsulo chopendekeka chimene mpeni umagonapo, chomwe m'mabuku amachitcha frog. Chimagoneka mpeni pa madigiri 45, ndipo chiyenera kukhala cholemera, chosalala pamwamba, chokhazikika osagwedera. Chikakhala cha lata lochita kupinda, kapena chokhala ndi mabampu a utoto, mpeni umanjenjemera ukakumana ndi mfundo ndipo umasiya timizere ngati mano a khoswe. Pomwepo pali kagudumu kokwezera mpeni ndi kandodo koupendekera kumanja kapena kumanzere. Zonsezi uzizungulitse uli m'sitolo momwemo, uone ngati mpeni ukumvera.

Chachinayi ndi mpeni weniweniwo. Pa puleni yakale uyang'ane utali umene watsala, chifukwa kunola kwa zaka zambiri kumaudya. Uyang'anenso kumsana kwake, mbali yafulati, pafupi ndi kunsonga. Dzimbiri lapamwamba limachoka, koma limene linakumba timaenje ndi loipa, chifukwa ukamanola kaenje kalikonse kamasanduka kadzino kogumuka. Pa puleni yatsopano vuto ndi lina. Kulimba kwa chitsulo sikuoneka ndi maso. Chofewa chimanoleka msanga n'kukusangalatsa, koma pa bulugamu wouma chimabuntha usanamalize thabwa limodzi. Ubwino wake ndi wakuti mpeni umasinthika, choncho puleni ya thupi labwino ndi mpeni wofewa ikadali yochizika, bola uwerengeretu mtengo wa mpeni wina.

Zotsalazo ndi matenda a chimfine. Dzimbiri, utoto wosupuka, chogwirira chothyoka, fumbi la zaka khumi, zonsezi zimangofuna nthawi ndi khama. Koma n'zimene zimatsitsa mtengo, chifukwa wogula wosadziwa amathawa dzimbiri n'kuthamangira kunyezimira.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani pa kachida kamodzi. Yankho lili pa mtengo wa matabwa. Makolo athu ankapala mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fungo lokoma wosadyedwa ndi chiswe, umene mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti paphiri lonse lija panatsala mitengo ikuluikulu 7 yokha. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala 53,000, imene inkadzaza misika yathu ndi paini, inadyedwa kwambiri ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa. Mlombwa ndi mbawa zikapezeka, mtengo wake umakuchititsa kukhala pansi. Tsono puleni yoipa simangotopetsa mkono, imang'amba thabwa, ndipo kuti uchotse pong'ambikapo umapala mpaka thabwa lapyapyala. Mbawa makamaka ili ndi mitsempha yopingasana, ina yopita uku ina yobwerera, moti puleni yogwedera imaizula m'malo moidula. Matabwa awiri kapena atatu otere akaonongeka, ndalama imene unkati wapulumutsa pogula chotchipa yapita kale.

Yanga inapezeka patatha miyezi iwiri, ndipo sinachokere m'sitolo. Zida zakale zabwino zilipo m'dziko muno, chifukwa umisiri wa matabwa unayamba kuphunzitsidwa kale, ku Blantyre Mission ndi ku Livingstonia komwe Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, ndipo mibadwo ya amisiri yakhala ikusiyirana zida. Zina zimafika pamsika kudzera m'njira zokhota, ndipo mkulu uja anandichenjeza kuti ndisagule kwa mnyamata wosadziwa ngakhale kumasula mpeni, chifukwa kumeneko n'kugula misozi ya mmisiri wina. Tsiku lina anandiuza kuti mnzake amene ankagwira naye ntchito anamwalira chaka chapitacho, ana ake palibe anatsata matabwa, ndipo mayi wamasiye akufuna kugulitsa zida kuti alipirire mdzukulu sukulu.

Tinapita limodzi. M'bokosi lamatabwa munali Record ya nambala 05, utoto wabuluu utatsala m'makona mokha, chogwirira chakumbuyo chitamangidwa ndi waya, dzimbiri lili psuu. Lula inakhudza malo atatu aja, thupi linalira bwino, mpeni unali ukadali wautali ndipo kumsana kwake kunalibe maenje. Mayiwo anatchula mtengo wotsika kwambiri, wosafika ngakhale pa zonyezimira za m'sitolo zija, chifukwa iwo ankaona dzimbiri. Mkulu uja anakhala chete, akuyang'ana ine. Apa ndinaona kuti mawu akuti kutchipa ali ndi malire. Chimene chatchipa kwa ine chimakhala kuti wina wachilipirira, ndipo apa wolipirayo akanakhala mayi wamasiye ndi mdzukulu wake.

"Madala," ndinatero, "inu ndinu mukudziwa zida. Tchulani mtengo woyenera, ine ndi mayiwa tingomvera." Anatchula ndalama yoposa kawiri imene mayiwo ananena, pafupifupi yofanana ndi puleni yatsopano ya mtengo wapakati. Inali m'kati mwa zimene tinagwirizana kunyumba, ngakhale kuti inafika m'mphepete. Mayiwo analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Mwanawe, malemu ankaipukuta ndi mafuta madzulo aliwonse. Muzikatero nanunso."

Ntchito yoichiza inatenga Maloweruka atatu. Ndinamasula zonse, kuziviika mu parafini, n'kuchotsa dzimbiri ndi sanipepa wosalala. Pofuna kuwongola pansi pake ndinamata sanipepa pa galasi lochindikala la windo, chifukwa galasi ndi chinthu chafulati chimene munthu wamba angachipeze. Ndinalemba mizere ya inki pansi pa puleni, kubweza mpeni m'kati koma osauchotsa kuti thupi likhale lomangika monga limakhalira pantchito, n'kumakhula mpaka inki itachoka pa malo atatu aja. Chogwirira chatsopano tinasema kuchokera ku kachidutswa ka mlombwa kamene kanali m'zinyalala za ku Mchesi.

Kunola ndiko kunali kovuta kuphunzira, ndipo ndiko kumalekanitsa amene ali ndi puleni ndi amene ali ndi chitsulo chabe. Ngakhale puleni yatsopano sichoka m'katoni ili yakuthwa mokwanira. Choncho wogula puleni awerengeretu mwala wonolera, wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, ndi kabotolo ka mafuta. Kumsana kwa mpeni umakugoneka pamwala kuti kukhale kwafulati. Kutsogolo umakupendeka madigiri 25, kenako kunsonga kwenikweni umakweza pang'ono kufika pa 30. Umanola mpaka chala chimve kachitsulo kopindikira kumsana m'lifupi monse, kenako umakachotsa n'kumalizira pa chikopa cha lamba wakale. Pamwamba pa mpeni pamagona chitsulo chachiwiri chimene chimapinda ndi kuthyola chopalidwacho chisanang'ambe thabwa. Pa paini chimakhala milimita imodzi kuchokera kunsonga, koma pa mbawa umachisendeza pafupi kwambiri, n'kutulutsa mpeni pang'ono zedi. Ukapaka kandulo pansi pa puleni, mkono umapepukidwa ngati wina akukuthandiza kukankha.

Tsiku limene zonsezi zinagwirizana, puleni inasiya kulavula utuchi n'kuyamba kutulutsa makoko ataliatali opiringizika, opyapyala moti kuwala kumadutsa. Mawu akenso anasintha, kuchoka pa kukhwekhwereza kufika pa kamluzu kofewa. Chinthu choyamba chimene ndinapanga ndi tebulo lowerengera la mwana wathu wamkazi amene ankakonzekera mayeso a Fomu 4, yemwe kale ankalembera pa mbale yoperekera tiyi ataiika pamiyendo. Ndi la paini, lopanda zokongoletsa, koma siligwedera. Mayi a ana analisisita ndi chikhatho kuchokera kuno mpaka uko, osanena kanthu, ndipo mawa lake anandisonyeza pakhoma la kukhitchini pamene akufuna mashelefu.

Si aliyense amene angapeze puleni yakale, ndipo sindikunena kuti zatsopano zonse n'zachabe. Mnzanga wina wa ku ofesi, mmodzi mwa amene ankaseka aja, anagula yatsopano ya ku India ya mtengo wapakati. Tinapita limodzi ndi lula, tinasankha yowongoka pa zisanu, anaikonza monga ndinakonzera yanga, ndipo ikumugwirira ntchito. Palinso amisiri akumudzi amene mpaka lero amapala ndi mapuleni a thupi lamtengo, mpeni n'kuupanikiza ndi kamphanje, ndipo zitseko zawo zimatsekeka bwinobwino. Kwa onsewa lamulo ndi limodzi. Ndalama yochepa imene uli nayo uiike pa zimene manja ako sangathe kukonza, zomwe ndi thupi lowongoka losang'aluka, pogona mpeni pokhazikika ndi chitsulo chosunga kuthwa. Zotsalazo ulipire ndi thukuta, chifukwa limenelo kwacha ikagwa silikwera mtengo. Ndipo usapite wekha. Kufunsa mmisiri wa imvi kumangokudyera botolo la zoziziritsa kukhosi ndi kudzichepetsa pang'ono, kumene ife a mataye timakuona ngati kodula.

Pambali pa puleni yanga pali zilembo ziwiri zimene malemu aja anazokota ndi nsonga ya msomali kuti isasokonekere ndi za anzawo. Pochotsa dzimbiri ndinazilambalala. Pansi pake pali malo okwanira zilembo zina ziwiri, koma ndinauza mkulu wa ku Mchesi kuti ndidzalemba zanga tsiku limene iye adzayang'ane chitseko chopangidwa ndi ine n'kulephera kupeza polowetsa chikhadabo. Anaseka n'kunena kuti zaka 14 zikhoza kukwana.